Chinkhupule cha Dokotala Sakala

1984 mpaka 1991

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala, chifukwa munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Mu 1984 anandilemba pa kachipatala kena kufupi ndi Tamanda, ngati wokolopa ndi wochapa. Ndinakhalako zaka zinayi. Mkulu wa pamenepo anali bambo wokalipa amene sankaseka ngakhale pa Khirisimasi, koma anaona kuti ndikatsuka masizasi ndi zopanira sindisiya ndi kadontho komwe ka magazi. Tsiku lina anandipatsa kalata yondisamutsira ku chipatala chachikulu cha mishoni kufupi ndi tauni ya Chipata. Sanandiuzepo kuti ndimagwira bwino ntchito. Anangoti, "Pita, kuno ukungotitherako sopo." Panapita zaka ndisanazindikire kuti kumeneko kunali kuyamikira kwake.

Kuchipatala chachikulucho anandiika m'chipinda chowiritsira zipangizo, kuseri kwa fiyeta, kumene amachitira maopaleshoni. Munali mphika waukulu wa nthunzi, uvuni wamagetsi, ndi makina otchezera madzi, amene anzanga ankandinena nawo kuti ndimatchezeramo kachasu. Munkatentha moti mu Okutobala ndinkafinya malaya kawiri pa tsiku. Ntchito yake inali yosaoneka. Odwala sankandidziwa, ndipo madokotala ankandikumbukira pokhapokha sizasi ikasowa. Koma ine ndinkaikonda, ndiponso ndinkanyada nayo mopitirira muyezo, monga mayi anu angakuuzeni. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa koopsa. Magolovesi tinkachapa, kuwayanika pachingwe, kuwauzira mpweya kuti tione pobooka, n'kuwamata zigamba. Bandeji imodzi inkabwerera kwa ine kasanu mpaka kusanduka ulusi.

1992

Chaka cha chilala chija ndi chimene kunabwera Dokotala Sakala. Anali mayi wamfupi, mwana wa konkuno, amene anakaphunzira za opaleshoni kunja n'kubwerera kwawo pamene anzake ankathawira ku mayiko a ndalama. Ankayenda mofulumira moti manesi aatali ankamutsatira chothamanga. Sabata yake yoyamba isanathe analowa m'chipinda changa, chinthu chimene dokotala wina aliyense anali asanachitepo, atanyamula bandeji yopindidwa.

"Ndani amapinda mabandeji chonchi?"

Ndinaganiza kuti ndalakwa. Ndinayankha motsitsa kuti ndine.

"Chabwino. Manja amenewa ndikuwafuna. Dzina ndani?"

"Mwale, adokotala."

"A Mwale, mumadziwa kumenya mazira?"

Vuto limene linkamusowetsa mtendere linali la zilonda zakuya za m'miyendo. Alimi ankabwera atatemedwa ndi khasu kapena atapsa ndi moto, chilonda chitakhala miyezi mpaka kukumba dzenje. Dzenje lotere silidzaza msanga, ndipo khungu limene dokotala angatenge pantchafu kuti amatepo siligwira pamalo pamphako. Mapeto ake ambiri ankadulidwa mwendo. Kunja adokotala anaona kachinthu konga siponji kamene amakaika m'dzenjemo. Mnofu watsopano umalowa m'timabowo take n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo kachinthuko kamasungunuka kokha m'thupi, osafunikanso kukachotsa. Chogula sitikanachikwanitsa, ndiye anaganiza zoti tizipanga tokha.

"Mukabzala nyemba zoyanga mumazika timitengo," anatero. "Pofika nthawi imene chiswe chadya timitengoto, nyemba zayanga kale. Ife ntchito yathu ndi yozika timitengo chabe. Zoyangazo thupi limadziwa lokha."

Tinkapanga ndi ufa wotchedwa jelatini, umene mnzake wina wa ku Lilongwe ankamutumizira m'zitini kudzera pa chipata cha malire cha Mwami. Tinkausungunula m'madzi otcheza ofunda, n'kuumenya ndi chomenyera mazira mpaka kusanduka thovu loyera. Kenako timadontho towerengeka ta mankhwala otchedwa fomalini kuti thovulo lilimbe, n'kulithira m'mathireyi. Likauma tinkalidula, kulitsukuluza kambirimbiri kuti mankhwala aja achoke, kuliumitsanso, n'kuliwotcha mu uvuni maola angapo kuti tizilombo tife. Luso lonse linali pa timabowo. Tikachepa, mnofu sulowa. Tikakula, chinthucho chimafwafwanthika chikangonyowa. Adokotala ankadula kachidutswa kopyapyala n'kukayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu la ku labu, ndipo miyezi iwiri yoyamba yankho linali limodzi: "Tayani, a Mwale." Ndinataya mathireyi ambiri moti tsiku lina ndinapsa mtima n'kunena kuti ine anandilemba ntchito yowiritsa zipangizo, osati yophika makeke. Iwo anangoseka, n'kundilanda chomenyeracho, n'kumenya okha mpaka thukuta kamukamu. Ndinachita manyazi ndipo ndinachitenganso.

Pamapeto pake ndinapeza muyezo wanga. Wotchi ya m'chipindamo inali yakufa, choncho ndinkamenya uku ndikupemphera Tikuoneni Mariya chamumtima. Akakwana makumi anayi, thovu lapsa. Adokotala atamva anati njira imeneyi sangailembe m'buku lililonse, koma ndisaisinthe. Manesi anachitcha chinthucho chinkhupule, ndipo dzinalo linakhala. Woyamba kumuika anali mayi wina wa ku Tamanda amene anapsa ndi phala la mowa. Patapita milungu itatu adokotala anandiitanira ku wodi, n'kumasula bandeji, ndipo ndinaona dzenje lija litadzaza ndi mnofu wofiira, chinkhupule changa chitatsala tizidutswa m'mbali. Ndinalira pamaso pa anthu, ine bambo wa ana anayi.

Tsiku lina ndinafunsa kuti ufa umenewu umachokera kuti. Anandiuza kuti amaupanga powiritsa zikopa za nkhumba. Ine ndinaseka, poti nkhumba ndimaikonda, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ngakhale iwo, munthu wanzeru chotere, sanaiganizirenso.

Novembala 1995

A Daka anali mlimi wa thonje ndi chimanga wa ku Madzimoyo, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, wamtali, wolankhula mosafulumira. Khasu la pulawo linawatema pamwamba pa akakolo, ndipo anabwera kwathu chilonda chitakhala miyezi inayi. Kuchipatala china anali atawauza kale kuti mwendowo udulidwe, koma anamva mbiri ya chinkhupule. Ana awo onse anali aakazi, okwatiwa kutali. Kumudzi anatsala awiriwiri ndi mayi Daka, ndi ng'ombe ziwiri zimene palibe wina ankalimitsa koma iwo. Mvula inali pafupi. Mwendo umenewo ndiwo unali chakudya cha banjalo.

Anali munthu wofunsa chilichonse. Ankafuna kudziwa chifukwa chake madzi a diripi amatsika pang'onopang'ono, ndiponso amene anapanga mabedi a mu wodi. Adokotala ankawakonda chifukwa cha zimenezi, ndipo anawafotokozera za timitengo ta nyemba mpaka anamvetsa bwino. Adokotalawo anatsuka chilondacho masiku angapo, n'kunena kuti aika chinkhupule Lachiwiri.

Lolemba m'mawa ndinapita ku wodi ndi chidutswa chimodzi m'mbale kuti adokotala ayeze kukula kwake. Tili pomwepo anaitanidwa kwa mayi wina wobereka, ndipo ndinatsala ndi sisitala wa mu wodimo. A Daka anasuzumira m'mbalemo.

"Ndiye chimenechi? Chooneka ngati buledi. Manje chinthu ichi mumapanga ndi chiyani?"

"Ni mankhwala a kunja, abambo, osadandaula," anayankha sisitala mwachangu.

"Zikomo amayi, koma ine ndafunsa amene amapanga." A Daka anandiyang'ana ine.

Ndinkadziwa, monga wodi yonse inkadziwira, kuti a Daka ndi a Sabata. Loweruka anzawo a mpingo ankabwera kudzaimba nawo, ndipo mayi Daka ankaphika ndi mapoto awoawo kumalo ophikira odikirira odwala, kuopa kuti wina angawaphikiremo nkhumba. Zaka zitatu ndinali ndisanaziphatikizepo zinthu ziwirizi m'mutu mwanga. Zinakumana pamenepo, mbale ili m'manja.

"Ndikuyankhani masana, abambo," ndinatero, n'kutuluka.

Pakhomo sisitala anandigwira mkono. "A Mwale, musayambitse nkhani. Munthu adzayenda ndi miyendo iwiri, ndipo sadzadziwa mpaka kalekale. Mulungu wake sangamuimbe mlandu pa chinthu chimene sakuchidziwa."

Mawu amenewo sanali opusa, ana anga, ndipo sisitala uja sanali munthu woipa. Ndinabwerera m'chipinda changa nditagwira njakata. Ndinatsuka zopanira zomwe ndinali nditatsuka kale. Ndinkadziuza kuti ine si dokotala, si m'busa, ndine wowiritsa zipangizo chabe. Koma munthuyo anali atakana yankho la sisitala n'kusankha langa, chifukwa ankakhulupirira kuti wopanga chinthu sanganame za chinthu chakecho. Ndinaganizanso zopita kaye kwa adokotala, koma ndinaopa kuti andiletsa. Nthawi ya chakudya chamasana itakwana ndinapita ku wodi, n'kukhala pa kampando pafupi ndi bedi, mayi Daka ali pomwepo, n'kunena zonse.

A Daka anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Zikomo, a Mwale. Mwachita bwino. Chimenecho pa ine ayi."

Mayi Daka anangondiyang'ana, ndipo maso amenewo ndimawaonabe.

Adokotala atamva anabwera m'chipinda changa n'kutseka chitseko. Sindinawaonepo atakwiya chotere.

"Bwanji simunabwere kaye kwa ine?"

"Ndimaopa kuti mundiletsa, adokotala."

Atalankhulanso, mawu anali atatsika. "Zaka zitatu tikugwira ntchito limodzi, ndipo mumandiona ngati munthu woti angakuuzeni kuti munamize wodwala? Zimenezi zandipweteka kuposa zinazo." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Wolakwa woyamba ndine. Ndinayenera kuganiza zimenezi kalekale. Tiyeni."

Anakagwada pafupi ndi bedi la a Daka, dokotala wamkulu wa opaleshoni, wodi yonse ikuona, n'kupepesa. Kenako anawauza zoona zokhazokha: chilonda chili pafupi ndi fupa, tsiku lililonse lochedwa ndi loopsa, ndipo ngakhale chinkhupule si chozizwitsa, koma ndi mwayi wabwino umene ulipo. Anapempha kuti aitane akuluakulu a mpingo wawo. Anabwera awiri tsiku lotsatira, ndipo zinandidabwitsa kuti onse anali mbali ya adokotala. Anati lamulo limanena za kudya, ndipo mankhwala si chakudya.

"Ndamva, abale anga," anatero a Daka. "Sindikuweruza munthu amene angalole. Koma chakudya chimalowa n'kutuluka. Ichi adokotala anena okha kuti chimasungunuka n'kutsala m'thupi. Ndiye kuti mnofu wanga udzamera pa nkhumba, ndipo ndidzapita nawo kumanda. Ine ndinalonjeza ndili mnyamata. Sindingayambe kuchenjera lero chifukwa chakuti zandivuta."

Adokotala sanawakakamize, ngakhale ndinkaona kuti mtima ukuwawawa. Anangofunsa funso limodzi. "Nanga chikakhala cha ng'ombe?"

"Cha ng'ombe ikani ngakhale manje."

"Sindinachipangepo, abambo. Ufa wake tilibe, ndipo woitanitsa kunja ungafike pakatha miyezi. Tiyenera kuutulutsa tokha m'miyendo ya ng'ombe. Zingatenge sabata, mwina ziwiri, ndipo mwendo wanu mwina sungadikire."

"Ndidikira ine. Mwendo uona wokha."

Masiku khumi ndi awiri

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kophera ng'ombe m'tauni, n'kubwera ndi thumba la mang'ina, amene a m'tauni amati vimbombo. Tinawawaula, kuwapala, kuwatsuka, n'kuwawiritsa. Adokotala ankatuluka mu fiyeta, kuvula magolovesi, n'kukhala pa ndowa yovundikira akupala ziboda ndi mpeni, chakudya chamasana osadya. Fungo linadzaza khonde lonse moti manesi ankafunsa ngati tatsegula malo omwera mowa.

Msuzi woyamba unagwirana bwino utazizira, koma nditaumenya thovu linakana. Ndinafika pa Tikuoneni Mariya zana limodzi, mkono utachita dzanzi, m'mbale muli madzi okhaokha. Mafuta ndi amene ankapha thovu. Masiku anayi anapita pamenepo. Ulendo wachiwiri tinayengula mafuta mosamala, koma pofuna kufulumira ndinakoleza moto kwambiri, ndipo msuziwo unakana kugwirana. Kulakwa kumeneko kunali kwanga, ndipo kunadya masiku ena atatu. Adokotala sanandikalipire. Anangoti, "Moto wochepa, a Mwale. Pitani mukatenge ena."

Nthawi yonseyi ankatsuka chilonda cha a Daka kawiri pa tsiku ndi manja awo, n'kuwapatsa mankhwala onse amene tinali nawo. Ine ndinkadutsa pa wodi m'mawa uliwonse kukapereka lipoti ngati mwana wa sukulu. A Daka ankafunsa mwatsatanetsatane, ndipo nditawauza za mafuta anaseka n'kunena kuti ndikanagula ng'ombe yowonda ya chilala. Tsiku lakhumi ndinawapeza akunjenjemera, thupi litatentha, ndipo sanafunse kanthu.

Ulendo wachitatu tinawiritsa pang'onopang'ono, kusefa pansalu kanayi, kuziziritsa mu firiji, n'kupala mafuta onse pamwamba ndi supuni. Thovu linadzuka loyera bwino. Litauma, adokotala anayang'ana pa galasi lija nthawi yaitali, kenako anati, "Ichi chaposa cha m'chitini." Linali tsiku lakhumi ndi chiwiri. Ndinachinyamula ndekha kupita nacho ku fiyeta, ndipo anandilola kuimirira pakona nditavala chophimba kukamwa.

Atatsegula chilondacho ndinaona mapewa awo akugwa. Anagogoda fupa ndi kachitsulo, ndipo linali lofewa, lakuda, mafinya akutuluka mkati mwake. Anatuluka kukalankhula ndi mayi Daka, n'kubwerera, n'kudula mwendowo pansi pa bondo. Chinkhupule changa cha ng'ombe, chokongola kuposa zonse zimene ndinapangapo, anachiika pa chitsa cha mwendo kuti chiletse magazi.

Atamaliza ndinawapeza akusamba m'manja. Ndinafunsa funso limene linkandidya.

"Adokotala, ndikanakhala chete Lolemba lija, mwendowu ukanapulumuka?"

Sanatembenuke. "Mwina ukanapulumuka. Mwinanso fupa linali litayamba kale, sindingadziwe. Mukufuna ndinene kuti ayi kuti mtima wanu ukhale pansi, koma sindinena, chifukwa inunso simunamunamize munthu uja." Anatseka mpope. "Kuyambira lero tizipanga mitundu iwiri, ndipo wodwala aliyense tizimuuza tisanamuike. Wouza mukhala inu."

Zinakhaladi choncho mpaka pamene adokotala anasamutsidwira ku Lusaka mu 1998. A Sabata ndi Asilamu amene poyamba sitinkawafunsa n'komwe anayamba kubwera okha akufuna cha ng'ombe, ndipo ambiri anatuluka akuyenda. Ndagwira ntchito ndi madokotala ambiri, ena aluso kwambiri, koma sindinaonenso wina wogwadira mlimi kapena wokana kunditonthoza ndi bodza. Mayi ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero, ndipo ndikufuna inunso mudziwe dzina lake.

Disembala 1995

A Daka anatuluka m'chipatala mvula itagwa kale kawiri, minda ya anthu itayamba kubiriwira. Mayi Daka anapita kumudzi wapansi n'kubwera ndi ngolo. Poti kuyendetsa ng'ombe sankadziwa, anayenda kutsogolo kwake njira yonse akuzikoka ndi chingwe, ndipo anafika manja atatupa. Ine ndinathandiza kuwakweza a Daka m'ngolomo, pamodzi ndi ndodo zawo ziwiri ndi mapoto aja. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"A Mwale, musamayende chowerama. Ndinakufunsani ndine."

Ndinatembenukira kwa mayi Daka kuti nditsanzike. Kuyambira Lolemba lija anali asanandilankhulepo. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kundiyang'ana m'maso.

"Abambo inu, mukanangokhala chete. Tsiku limodzi chabe. Manje munda uja alima ndani?"



"Amayi, musiyeni munthuyo," anatero a Daka ali m'ngolo. "Bwerani mukwere kuno. Simungazikokenso mpaka ku Madzimoyo. Gwirani zingwe, ndikuonetsani. Ya kumanzereyo ndi yaulesi, muziitchula dzina."

Mayi Daka anakwera, misozi ikutsika, n'kugwira zingwezo molakwika. Amuna awo anawakonzera zala chimodzichimodzi. Anaitana ng'ombe ija ndi mawu onjenjemera, koma sinasunthe. Anaitananso mokweza, mokalipa, ndipo ngolo inanyamuka.